Munthu Wosasuntha pa Filimu ya Larysa

Pa negetivu, filimu yongotsukidwa kumene imene inali ikudonthabe madzi, panali kanthu koyera, kotalika ngati njere ya mpunga yoimirira, pafupi ndi ngodya ya galaja. Larysa Dmyterko anakayang'anitsitsa. Anakauzira mpweya poganiza kuti n'kafumbi, koma sikanachoke, chifukwa kanali m'kati mwa filimu momwemo. Pa negetivu zinthu zakuda zimaoneka zoyera. Ndiye kuti chimene chinaima pamenepo chinali chakuda.

Gulu lawo la okonda kujambula linkakumana m'chipinda chapansi pa holo ina ku North End, mumzinda wa Winnipeg, ndipo aliyense anali ndi kiyi wa chipinda chotsukira zithunzi. Mwezi umenewo wa Januwale anagwirizana kuti aliyense ajambule pakhomo pake mdima utagwa. Sikunali kudikira kovuta, pakuti dzuwa linkalowa anthu asanaweruke. Larysa ankachokera ku sitolo ya mankhwala kumene ankagwira ntchito, n'kuimika kamera pa choimikira cha miyendo itatu pakhonde lakuseri, moyang'ana ku galaja ndi kumpanda. Inali kamera yakale yachitsulo, yosafuna batire, imene anam'bwereka a Thorkelson, nkhalamba ya m'gululo. Iwo ndiwo anam'phunzitsa kujambula mumdima: kutsegula diso la kamera n'kulisiya chitsegulire nthawi yoti munthu n'kuwiritsa madzi a tiyi, kuti filimu itolere kuwala pang'onopang'ono.

"Achemwali, mwajambula chiyani apa, mzukwa?" anafunsa Jomar, mnyamata wansangala woyendetsa basi, amene ankajambula ndi kamera yadijito yokha. Anali atasuzumira paphewa pake. "Ndinakuuzani ine. Makamera a madalawa ngoboola ngati sefa. Kuwala kumangolowa paliponse."

"Pakamwa pako ndiye pali poboola," anatero a Thorkelson, akutsika masitepe modzigwira bondo. Anatenga galasi lokuzira, n'kuweramira filimuyo. "Kuwala kolowa moba kumadetsa negetivu, sikuiyeretsa. Uyu ndi munthu. Mwana wanga, unali ndi ndani pabwalopo?"

"Ndinali ndekha, bambo."

"Unali wekha m'maso mwako. Filimu imaona zimene maso saona, bola uipatse nthawi. Koma ili ndi lamulo lake: choyenda sichigwidwa. Galimoto ikadutsa imasiya mzere wa nyali basi, munthu akadutsa sasiya chilichonse. Chimene chimatsala ndi chimene chaima phee."

"Ndiye wakuba ameneyo ndi waulesi," anatero Jomar. "Kuima chiimire pozizira chonchi, kudikira chiyani? Basi yanga sidutsa kuseri kwa magalaja."

Onse anaseka, Larysa yekha ayi. Atasindikiza chithunzicho papepala, pansi pa getsi lofiira, munthuyo anatulukira m'madzi pang'onopang'ono. Nkhope inali yaing'ono kwambiri, yosazindikirika. Koma phewa lakumanja linali lotsika, ndipo manja anali atawapisa m'khwapa. Mlongo wake wamng'ono, Myron, ankaima choncho kuyambira ali mwana.

Myron anasowa kumayambiriro kwa nyengo yozizira, ndipo tsopano panali patadutsa chaka. Galimoto yake inapezeka m'mbali mwa mtsinje wa Red, madzi atangoyamba kuundana, koma iye sanapezeke. Ena ankati anamuona ku Calgary akugwira ntchito m'migodi ya mafuta. Amayi ena akutchalitchi ankanong'onezana kuti madzi oundanawo anali opyapyala sabata imeneyo. Amayi awo a Larysa ndi Myron anakana mwambo wa maliro. Wansembe atawafunsa, anayankha kuti munthu wopita kukagwira ntchito saimbidwa nyimbo za akufa. Mpaka lero ankaphika mapirogi, timitanda ta ufa tokhala ndi mbatata m'kati, okwanira anthu atatu.

Larysa sanawauze amayi za chithunzicho. Ankafuna chinthu chimodzi chokha: kudziwa ngati mlongo wake ali moyo, asanawadzutsire amayi chiyembekezo chimene chingathe kuwapha.

Madzulo otsatira anaimikanso kamera pamalo omwewo. Kunkazizira mpaka tsitsi la m'mphuno kuuma. Kuwala kwa zenera la kukhitchini kunkagwa pachipale chofewa n'kuthera pakati pa bwalo, ndipo kupitirira pamenepo kunali mdima wa bii. Anatsegula diso la kamera, n'kuima pambali akuyang'anitsitsa ku galaja mpaka misozi inayamba kuundana m'zikope. Kutali, kumalo okonzera sitima, mabogi ankagundana kuti gu, gu, gu, motsatizana. Mtengo wa anansi unalira kamodzi ngati wathyoka, monga mitengo imachitira kukazizira kwambiri. Sanaone munthu. Atatseka kamera anayatsa tochi ya pafoni, n'kupita ku ngodya ija. Panali mapazi ambirimbiri, ake omwe, a amayi, a otaya zinyalala, pakuti pamenepo ndi pamene pankakhala migolo.

Pa filimu, munthu uja anali atachoka pa galaja. Anali pafupi ndi mzati wa chingwe choyanikira zovala, pakati pa bwalo.

"Tengani kamera yangayi," anatero Jomar ataona chithunzicho. Ulendo uno sanaseke kwambiri. "Mukajambula mukaona pomwepo, osati zodikira mawa ngati zotsatira za kuchipatala. Batire muziisunga m'thumba lam'kati, pafupi ndi thupi. Akaoneka munthu, imbani kupolisi, kenako mundiimbire ine ndibwere ndi fosholo."

Larysa anachita monga anauzidwira. Anaika batire yofunda m'kamera ya Jomar, anaiimika pafupi ndi yakale ija, anatsegula zonse ziwiri pamodzi. Ya Jomar inaphethira kagetsi kofiira kwa kanthawi, kenako inazima kuti zii, isanamalize ntchito. Anaitenthetsa batire m'manja, anayesanso, inazimanso. Kamera yachitsulo inapitiriza kuyang'ana mumdima ndi diso lake lotsegula.

"Kuzizira kumeneko," anatero a Thorkelson mawa lake. "Palibe zamatsenga apa. Mabatire onse amafa choncho, n'chifukwa chake ine sindinataye zakale zanga. Ndipo iwe, uzipukusa filimu pang'onopang'ono, imauma ngati bisiketi, ingathyokere m'kati."

Anaweramira negetivu yatsopanoyo nthawi yaitali. Munthuyo tsopano anali m'malire a kuwala kwa zenera, chipewa chitaphimba chipumi. Jekete linali lamizere m'mikono, ngati la Myron.

"Ukumudziwa?" anafunsa motsitsa mawu.

"Mwina."

"Ngati ndi amene ndikumuganizira, manyazi amamuimika munthu panja pa nyumba ya kwawo. Ndinaonapo zotere. Koma usapite pafupi uli wekha."

Larysa anangogwedeza mutu. Ali m'basi pobwerera kwawo anaganiza za Myron akugona m'magalaja a anthu, akubwera madzulo alionse kudzaonera amayi ake pazenera akusenda mbatata, osalimba mtima kugogoda. Anadziwanso kuti akabwera ndi Jomar kapena apolisi, mlongo wakeyo adzathawa ndipo sadzabweranso.

Madzulo amenewo amayi anali pa tebulo la kukhitchini akumata mapirogi.

"Iwe, kodi panjapo pali chiyani chimene umajambula tsiku ndi tsiku? Migolo ya zinyalala?"

"Ndi za kugulu, amayi."

"Anzako akujambulitsa maukwati, iwe ukujambula galaja. Vala mpango, ndilibe mphamvu zodwazika munthu."

Anatuluka, anaimika kamera, anatsegula diso lake n'kulimanga kuti lisatsekeke. Kenako, m'malo moima kuseri kwa kamera monga masiku onse, anatsika masitepe n'kulowa m'chithunzimo. Chipale chinkalira kuti kwichi, kwichi pansi pa nsapato zake. Anaima pamene kuwala kwa zenera kunkathera, n'kutembenukira kunyumba monga ankachitira munthu uja. Ankafuna umboni: iye ndi mlongo wake pa filimu imodzi, chinthu choti n'kuwaonetsa amayi.

Anayesetsa kusasuntha. Kunali chete, moti ankamva firiji ikulira m'nyumba. Kudzera pazenera ankaona amayi akuweramira ufa. Msana wake wonse unkadziwa kuti kumbuyo kuli mdima, koma sanacheuke.

"Myron," ananong'ona, osatembenuza mutu. "Ngati ndi iweyo, palibe amene wakukwiyira. Amayi sagona. Ndisiya chitseko chakuseri chosakhoma. Ulowe, wamva? Ungolowa."

Palibe anayankha. Sitima sizinagundane, galu sanauwe. Chinangochitika n'chakuti tsaya lake lakumanzere linazizira kuposa lakumanja, monga limachitira munthu akaima pafupi ndi khomo lotsegula la firiji yaikulu ya kusitolo. Anapirira mpaka zala zakumapazi zinasiya kumveka, kenako anabwerera pakhonde n'kutseka kamera. Anaikulunga m'pepala la pulasitiki asanailowetse m'nyumba yofunda, kuti isachite thukuta. Chitseko anangochikankha, osakhoma.

M'mawa mwake linali Loweruka. Anadzuka kusanayere, amayi akadali m'chipinda mwawo. Chitseko chakuseri chinali chotseka monga anachisiyira, ndipo pamkeka wopukutira nsapato panalibe chipale. Anakwera basi yoyamba kupita kuholo. Anapeza a Thorkelson atafika kale, akumwa khofi wa m'fulasiki. Anatsuka filimu, anaiumitsa, anasindikiza chithunzi chachikulu, ndipo awiriwo anachiyang'ana chili m'mbale ya madzi.

Analipo onse awiri. Myron anaima kumanzere kwake, pafupi kwambiri, phewa lake lotsika lija litatsala pang'ono kukhudza la Larysa. Nkhope inkaoneka bwinobwino tsopano, mpaka chipsera cha pachibwano.

"Ndi iyeyo," anatero Larysa. "Bambo, ali moyo. Ndi iyeyo."

A Thorkelson anasendera pafupi ndi mbaleyo. Anaika khofi pansi, anapukuta magalasi awo, n'kuyang'ananso.

"Tadziyang'ana wekha kaye," anatero.

Larysa anadziyang'ana. Thupi lake linali losalongosoka m'mbali, ngati lojambulidwa kawiri, chifukwa ngakhale anayesetsa, ankanjenjemera ndi kudzandira pang'ono. Nkhope yake sinkaoneka n'komwe. Pamene panayenera kukhala mutu panali chimtambo choyera.

"Chimenecho ndi mpweya wako," anatero a Thorkelson. "Kukazizira chonchi, nthawi iliyonse ukapuma umatulutsa nthunzi, ndipo filimu imaisonkhanitsa yonse pamodzi. Galu, kavalo, munthu, aliyense amatuluka ndi mtambo wotere. Ndajambula m'chisanu moyo wanga wonse." Analoza pambali pa chimtambocho. "Tsopano muyang'ane iyeyo."

Pankhope ya Myron panalibe nthunzi ngakhale pang'ono. Tsitsi lililonse la nsidze linkawerengeka. Maso anali otsegula, akuthwa, opanda chizindikiro chakuti anaphethirapo nthawi yonse imene diso la kamera linali lotsegula.

"Mwina anaubana mpweya," anatero Larysa.

"Nthawi yonse ija?"

Madzi ankangotuluka pampopi n'kumagwera m'mbale. Foni ya Larysa inalira m'thumba la jekete limene anapachika kukhomo. Anapukuta manja, n'kukaiyankha.

"Iwe, uli kuti?" Anali amayi, ndipo mawu awo anali opepuka, monga anali asanamvekere kwa chaka chathunthu. "Bwera msanga. Mlongo wako wabwera."

Larysa anagwira khoma. "Mwamuona, amayi?"

"Ndikumuona pano. Ndadzuka n'kumupeza ataima pakhomo la chipinda changa. Wawonda, mwana wanga, manja ali ngati chitsulo. Ndamuuza akhale pansi, sakukhala. Wangoima. Manyazi, ukumudziwa mmene alili."

"Walankhula?"

"Alankhula akafunda. Ndatsegula chotenthetsera mpaka kumapeto, koma m'nyumba muno simukufunda. Ugule mkaka pobwera."

"Amayi, tulukani mupite kwa anansi. Mukandidikire kumeneko."

"Ndimusiye yekha mwana atangofika? Usandiseketse. Fulumira."

Foni inaduka. A Thorkelson anali atamva zonse. Anatseka mpopi, anatenga chipewa ndi makiyi a galimoto yawo. Larysa anavuula chithunzi chija m'madzi, anachipanika pachingwe kuti chiume, anavala jekete, ndipo anazimitsa getsi lofiira. Kunja kunali kutayera. Galimoto inavuta kulira chifukwa cha kuzizira, koma kenako inalira, ndipo ananyamuka kupita kunyumba.