Miyala Kuseri kwa Chitseko

Mwala woyamba Honora anaupeza m'mawa wa Lolemba, utatsamira chitseko cham'kati mwa nyumba. Unali wonyowa, wandere, waukulu ngati mutu wa ng'ombe, koma mpiringidzo unali chitsekere monga anausiyira.

Atafunsa mwamuna wake Malachy, uyo anangonyamula fosholo n'kupita kumunda wa mbatatesi. Bamboyo mawu ake mumachita kukumba.

Honora anautaya mwalawo kunja. Lachiwiri anapeza isanu, nayonso anataya. Lachitatu inafika m'mawondo, yosanjidwa mwaluso. Amayi a m'dera lino la Mayo sasowa chonena: kuchitsime ankanong'ona kuti ndi akufa a Njala Yaikulu ya zaka makumi atatu zapitazo, pamene mabanja ankadzitsekera m'nyumba ndi miyala kuti agalu asadzadye mitembo yawo. Mabwinja akewo anali akadalipo paphiri, ndipo Malachy sankawayang'ana n'komwe. Honora anachita mantha, makamaka akaona ana ake awiri ali m'tulo.

Usiku wa Lachinayi sanagone. Mvula yamawawa inkanyowetsa denga laudzu, moto utatsala makala okhaokha. Kenaka anamva mpiringidzo ukusololoka pang'onopang'ono, mapazi opanda nsapato akutuluka ndi kubwerera, ndiye mwala kukhala pamwala unzake mofatsa, ngati woikayo sakufuna kudzutsa ana. Anapapasa pogona mwamuna wake. Panali pozizira.

Atauzira makala anaona Malachy atagwada pakhomo, chitseko chili pululu, khoma litafika m'chiuno.

"Malachy, mukutani kodi?" ananong'ona.

"Kagoneni, Honora. Ukagona njala siipweteka kwambiri."

Osatembenuka, bamboyo anaulula zomwe anabisa ukwati wawo wonse. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, pa nthawi ya njala ija, ndiye ankapatsira bambo ake miyala yotsekera khomo. Anakhala mumdimamo mpaka alongo ake atasiya kulira, iye yekha n'kuboola denga n'kutuluka wamoyo.

"Zimenezo zinapita, mwamuna wanga. Chaka chino mbatatesi zachita bwino."

"Inu simukulimva fungolo? Ine ndalimva kuyambira Lamulungu."

Honora anasuzumira pamwamba pa khomalo. Kamphepo kochokera kumunda kanamuwomba kumaso ndi fungo lolemera la mbatatesi zovunda pansi pa nthaka, fungo la Njala Yaikulu, lomwe mayi ake ankati ukalimva kamodzi suliiwala.

Malachy anatambasula dzanja kuti amupatsire mwala wina. Honora anaunyamula, n'kuuponya kunja mumdima. Kenaka anapita kukadzutsa ana kuti atuluke nawo khomo lisanatsekeke.