Tisunge ndi Kalata ya Amai

Tisunge anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala ku Ndake ndi makolo ake. Tisunge anali ndi chinsinsi. Sankadziwa kuwelenga.

Kusukulu ana anali ambili. Mabuku anali ochepa. Ana asanu ankaunjikana pa buku limodzi. Tisunge ankaliona mozondoka. Aphunzitsi akawelenga, ana ankabweleza. Tisunge nayenso ankabweleza. Ankabweleza mokweza kuposa onse. Analoweza buku lonse pamtima. Aliyense ankati Tisunge amawelenga.

Kunyumba, amai ndiwo ankawelenga zonse. Ankawelenga botolo la mankhwala a thonje. Ankawelenga thumba la mbewu. Ankawelenga Baibulo. Atate, a Chisenga, ankangomvetsela.

Tsopano amai kunalibe. Anali oyembekezela. Anapita ku Nyimba kukadikila pafupi ndi chipatala. Foni ya atate inali itagwela m'chitsime. Sabata ziwili zinatha osamva kalikonse.

Loweluka m'mawa, belu la njinga linalila. Anali a Morgan, ogulitsa mtedza.

"Odi, a Chisenga! Oyendetsa minibasi andipatsa kakalata aka. Akuti n'kanu."

"Kakunena chiyani?" anafunsa atate.

"Kaya, ine ndangolandila. Ndathamangila kumsika."

A Morgan anapalasa njinga n'kumapita.

Pamudzi panali zii. Anthu onse anali kuminda kutola thonje. Atate anatsegula kalata. Anaiyang'ana. Anaitembenuza. Anaiyang'ananso. Anangozindikila kalembedwe ka amai.

"Iyi ndi ya amai ako," anatelo atate. "Bwela, mwana wa sukulu. Welenga."

Tisunge analandila kalata. Anaiyang'ana. Mawu awa sanali a m'buku lija. Panalibe aphunzitsi oyamba kuwelenga. Panalibe anzake oti awatsatile.

Tisunge anaganiza. Akanatha kunama. Akanatha kunena kuti amai ali bwino. Koma nanga ngati amai sali bwino?

"Atate," anatelo motsitsa mawu, "ine sindidziwa kuwelenga."

"Iwe? Si umawelenga buku lonse?"

"Ndinangoloweza, Atate."

Tisunge anayang'ana pansi. Ankadikila kukalipilidwa. Koma atate sanakalipe. Anakhala pansi pakhonde. 

"Khala apa, mwanawanga," anatelo. "Inenso zilembo zinandithawa."

"Inunso, Atate?"

"Inenso. Kale ndinkawelenga. Ndinalekela giledi faifi. Nditakwatila amai ako, zonse ndinasiyila iwo. Khasu ukaliika pansi limachita dzimbili."

"Tipite kwa aphunzitsi a Mubita?"

"A Mubita apita ku Petauke. Abwela Lolemba."

Lolemba kunali kutali. Tisunge anayang'ananso kalata ija. Anayang'anitsitsa.

"Atate, ichi ndachidziwa. Ichi ndi a. Ichinso ndi a."

Atate anasendela pafupi. Anatola kamtengo. Anakopela mawu oyamba pa dothi. Analemba zilembo zikuluzikulu.

"Ichi ndi n," anatelo atate. "Tinkaimba kuti na, ne, ni, no, nu."

"Ndiye apa ndi na!" anatelo Tisunge.

"Eya. Ndipo koyambaku ndi mwa."

"Mwa, na. Mwana!"

Atate anapuma mwamphamvu. "Mwana watani? Tiye, tipitilize."

Anakopela mawu achiwili. Atate anapeza wa. Tisunge anaika chala pa chilembo chotsatila. Kutsogolo kunali china chofanana nacho. Zonse zinali ndi ndodo. Zonse zinali ndi kampila.

"Wa, da, bwa," anawelenga Tisunge. "Mwana wadabwa."

"Wadabwa?" anafunsa atate. "Wadabwa chiyani?"

Tisunge anayesanso. Zinatuluka zomwezo. Misozi inayamba kulengeza.

"Usalile," anatelo atate. Anakanda kumutu. Anatsinzina. Kenako anamwetulila.

"Ndakumbuka! Aphunzitsi athu ankatiuza. Chilembo b chili ndi mimba kutsogolo. Chilembo d chabeleka mwana kumbuyo."

Tisunge anapukuta misozi. Analoza choyamba. "Ichi chili ndi mimba. Ndi b." Analoza chachiwili. "Ichi chabeleka mwana. Ndi d."

Anawelenga pamodzi, pang'onopang'ono.

"Wa, ba, dwa."

"Mwana wabadwa!" anakuwa Tisunge.

Atate anaimilila. Anavula chipewa. Anachiponya m'mwamba. Nkhuku zinathawa pabwalo.

Koma kalata inali isanathe. Panatsala mizele itatu. Anakhalanso pansi. Atate akakakamila, Tisunge ankathandiza. Tisunge akakakamila, atate ankathandiza. Analemba pa dothi. Anafufuta. Analembanso. Dzuwa linafika pamutu. Kumunda sanapite tsiku limenelo.

Pomaliza, Tisunge anawelenga kalata yonse yekha.

"Mwana wabadwa. Ndi mtsikana. Tili bwino. Bwelani mailo."

Anaiwelenga kawili. Atate nawonso anaiwelenga kawili.

M'mawa mwake anakwela njinga. Atate ankapalasa. Tisunge anakhala pakaliyala atagwila thumba la mtedza ndi chitenje cha amai. Atafika pa msewu waukulu, Tisunge anaona chikwangwani.

"Atate, imani! Tiwelenge."

Atate anaima. Anawelenga. Anapalasa pang'ono. Anaona chikwangwani china. Anaimanso. Zina zinawakanika. Zina anazitha. Ulendo unatalika, koma palibe anadandaula.

Ku Nyimba anapeza amai atakhala pabedi m'chipatala. M'manja mwawo munali kamwana. Kanali ndi tsitsi lambili. Kankagona.

"Mwabwela!" anatelo amai. "Ndinkada nkhawa. Kalata ija anakuwelengelani ndani?"

Tisunge anayang'ana atate. Atate anayang'ana Tisunge.

"Tinawelenga tokha," anatelo atate. "Inatidyela theka la tsiku."

Kenako Tisunge anaulula zonse. Ananena za buku lozondoka. Ananena za kuloweza. Amai anamvetsela mpaka kumapeto.

"Nanenso ndinalakwa," anatelo amai. "Ndinkawelenga ndekha kuti zithe msanga. Tikabwelela kunyumba, tizikhala atatu pamphasa. Masana alionse, tsamba limodzi."

"Ine Lolemba ndipita kwa a Mubita," anatelo atate. "Ndikabweleke buku. Ndikapemphenso kuti Tisunge azikhala kutsogolo."

"Simuchita manyazi, Atate?"

"Ndichita pang'ono. Koma ndipita."

Amai anaseka. Anatulutsa cholembela m'chikwama. Anapatsa atate pepala loyela.

"Mwanayu ndi Juliet. Lembani dzina lake, atate ake."

Atate anagwila cholembela ngati singano. Amai ankatchula chilembo chimodzichimodzi. Atate ankalemba. Zilembo zina zinapendekeka. Chimodzi chinakula kwambili. Koma dzina linatha.

Tisunge analandila pepala. Anawelamila pa khutu la mng'ono wake. Anaika chala pansi pa chilembo choyamba.

"Ju, li, et," ananong'ona. "Dzina lako ndi ili. Alemba ndi Atate."

Kamwana kanatsegula diso limodzi. Kanayasamula. Kanagwila chala cha Tisunge, osachisiya.