Batani la Malaya a Msilikali

Anakumana m'shopu yosokera ya mtsikanayo, tsiku limene wolemba masewero anabwera kudzasoketsa mayunifolomu asanu a asilikali.

"Sewero langa latsopano ndi la nkhondo," anatero mnyamatayo, maso ali pa malaya opachikidwa kukhoma. "Nanga awa, mwiniwake anaiwala?"

"Ndi a bwenzi langa. Ali kunkhondo," anayankha telalayo.

Akanangothera pomwepo! Koma mtsikana wa anthu anali atatopa ndi kusungulumwa, ndiye anakhuthula zonse. Anati msilikaliyo ponyamuka anadula batani limodzi n'kuliika m'thumba, nati, "Ndikadzabwera udzalisokerere wekha."

Mawa lake mauthenga a wolemba uja anayamba kugwa pafoni.

"Kasingano wanga, wandibaya mumtima."

"Usaope, zathu sindidzauza munthu. Pakamwa panga m'potseka."

Mwezi usanathe, Kasingano anagwa. Koma mtendere sanaupezenso. Foni ikalira, mtima unkachita phaa. Munthu akagogoda, singano inkamulasa chala. Nanga akamva achemwali ake a msilikali, adzaloza kuti nkhope yake?

Kenako msilikali anatulukira osayembekezeka, atawonda, akutsimphina.

"Ndamva kuti mayunifolomu a sewero la Loweruka masana unasoka ndiwe," anatero akumwetulira. "Tipite ndikaone ntchito ya manja ako."

Akanakana bwanji? Kasingano analembera wolemba uja: "Msilikali uja abwera. Chonde usandiyang'ane n'komwe."

"Khala phee, wokondedwa. Sewero lake ndi la mfuti basi."

Muholo munadzaza. Katani itatseguka, Kasingano anaponya maso kutsogolo. Pasiteji panalibe mfuti. Panali makina osokera, ndipo kukhoma kunali malaya opanda batani limodzi.

Munthu wina analowa n'kufunsa mtsikana wosewera ngati telala, "Nanga awa, mwiniwake anaiwala?"

Kasingano anafuna kudzuka, koma dzanja la msilikali linali pa bondo lake. Anamva mawu ake omwe, amene analemba yekha ali kuseri kwa nsalu, akutuluka m'kamwa mwa mkazi wina: "Ndikuopa, koma bwera. Shopu ndatseka."

Anthu anafa nacho chiseko. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Akazi a m'tauni, osawasiyira malaya!"

Dzanja lija linachoka pabondo pang'onopang'ono.

Sewero litatha, wolemba anakwera pasiteji, tayi ali pakhosi, n'kugwira dzanja mtsikana wosewera uja.

"Muwombereni m'manja mkazi wanga," anatero. "Anthu amandifunsa kuti nkhani ndimazitenga kuti. Ine sindipeka. Ndimapita kukaziona ndekha."

Mkazi wake! Ndiye chikondi chonse chija kunali kusaka nkhani? Zinamupweteka, koma mantha anaposa ululu. Sanathe n'kutembenuka komwe.

Holo inayamba kuchepa anthu. Msilikali anali chikhalire.

"Za batani zija ndinauza iwe wekha," anatero motsitsa mawu.

"Ndikhululukireni. Ndimvereni kaye..."

"Mabomba akamagwa, anzanga ankagwira Baibulo. Ine ndinkagwira ichi."

Anapisa m'thumba, n'kutambasula chikhatho cha mtsikanayo, n'kuikamo batani lakuda lopalika m'mbali. Linali lotentha.

"Malayawo usawasokerere," anatero. "Ndidzatuma achemwali adzawatenge choncho."

Anadzuka n'kutuluka akutsimphina, osacheuka.