Osapatsa, Osalandira

Umphawi umapweteka, abale, koma ukayenda limodzi ndi kaduka ndiye umamaliza munthu. Lufina anali mayi wamasiye wa ku Lizulu, wogulitsa mbatatesi pamsika wa m'mbali mwa msewu. Kugulitsa kwake kunali kwa timilu tiwiri titatu pachiguduli, pomwe anzake ankakweza matumba m'malole opita ku Blantyre. Komabe anali munthu wa anthu. Lachinayi lililonse ankavala yunifomu yake ya Chigwirizano cha amayi a mpingo n'kumayenda ndi mnzake Pauline kukazonda odwala. Chowatengera analibe, koma nkhuni ankawatolera, madzi ankawatungira.

Chaka chimene dzina lake linasowa pa makuponi a feteleza, munda wake unangobereka timbatatesi tonga mazira a njiwa. Mtima unamuwawa zedi. "Zaka zonsezi ndikutungira anthu madzi, ine wonditungira ndani?" Anang'ung'udza choncho akuyang'ana lole ya mnzake ikunyamuka.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, anawoloka malire n'kulowa ku Mozambiki, kwa mkulu wina amene amalonda ankamutchula monong'ona. Anamupeza pakhonde akusenda nzimbe.

"Mwabwerera chuma," anatero mkuluyo, osadzutsa n'komwe mutu.

"Eya, bambo. Koma zamagazi ayi. Ine ndine wa tchalitchi."

Mkuluyo anaseka. "Ndani wanena zamagazi? Kutchalitchi pitani, nyimbo imbani. Chizimba changa n'chopepuka. Kuyambira lero osapatsa munthu kanthu kaulere, osalandiranso kanthu kaulere. Ngakhale madzi akumwa."

"Nanga ndikadzaiwala?"

"Inu simudzaona kanthu, mayi. Wogona osadzukanso adzakhala winayo, wokupatsaniyo kaya wolandirayo. Ndipo mukadzaulula, womvayo naye wapita."

Lufina anati mumtima, basi zomwezi? Mkuluyo anamutema mphini m'zikhatho zonse ziwiri, iye n'kulipira, ulendo wa kwawo.

Ee, chuma chinabweradi! Mbatatesi zake zinkatha dzuwa lisanatenthe. Chaka chisanathe anali ndi lole yakeyake, nyumba ya malata ndi mpanda wa njerwa. Koma dzanja lili ndi chizolowezi chake. Tsiku lina mayi wina wa ku Manjawira atagula ndowa imodzi, Lufina anangozindikira wamuponyera mbatatesi zitatu za basela.

"Zikomo, Ambuye akudalitseni," anatero mayiyo. Sabata isanathe, amalonda anzake anabwera ndi uthenga woti mayi uja aikidwa m'manda.

Lufina anadzilimbitsa mtima kuti imfa ndi imfa, imabwera yokha. Kenaka Elson, bambo woyandikana naye nyumba, anamuona akuvutika ndi dengu pachipata n'kuthamanga kudzamusenzetsa. Lufina asanatsegule pakamwa, dengu linali kale pamutu. M'mawa mwake Elson anagwa kudimba kwake, khasu lili m'manja, osadzukanso.

Apo ndiye anadziwa kuti mkulu uja sankaseka. Anatseka chipata. Wopempha mchere ankabwerera chimanjamanja, wodzapala moto chimodzimodzi. Pamaliro a Elson sanaponye chipepeso, ndipo chakudya cha pasiwa sanachikhudze. Lamulungu la Mgonero, mkulu wa mpingo ataima patsogolo pake ndi mbale ya mkate, Lufina anabisa manja m'chitenje. Ankamudziwa mkuluyo, ankadziwa ana ake, ndipo mkatewo unali waulere. Kuyambira tsikulo sanapondenso kutchalitchi.

"Chuma chamuzunguza mutu," anthu ankatero. Akanadziwa! Lachinayi ankaima kuseri kwa mpanda kumvetsera amayi anzake akudutsa ndi nyimbo, iye n'kumayimba nawo chamumtima, misozi ili chuchuchu. Anafika poopa ngakhale moni, poganiza kuti nayenso ndi waulere. Ankadya yekha, ankalankhula yekha. Kusungulumwa kunamudya kuposa njala ija anaithawa.

Patapita zaka zinayi anadwala. Antchito ake, amene anali asanalandirepo kwa iye ngakhale nthochi imodzi, anamusiya mmodzimmodzi. Anagona masiku atatu osatha kudzuka, kukhosi kuli gwa, milomo itang'ambika.

Lachinayi masana chitseko chinatseguka. Anali Pauline, yekhayekha, atavala yunifomu yake, atanyamula phala ndi chigubu cha madzi.

"Anzanga, mpaka kufika pamenepa osatuma mawu?" Anathira madzi m'kapu n'kugwada pambali pa bedi. "Imwani kaye."

Lufina anatembenuza nkhope. "Tengani ndalama pansi pa pilopa. Mukatenga ndimwa."

"Aa! Mwayamba kunditukwana? Za Ambuye tinayamba liti kugulitsa?"

"Chonde, Pauline. Ngakhale kandalama kamodzi kokha."

"Ndakana. Inu ndi ine tinatungira anthu angati? Analipira ndani? Imwani, a Lufina, musandichititse manyazi pamaso pa Mulungu."

Kapu inafika pafupi ndi mlomo, mpaka Lufina anamva kuzizira kwake. Anayang'ana mnzakeyo. Pauline anali ndi ana anayi, womaliza akanali woyamwa. Kumuuza zoona kunali kumupha, kumwa madziwo kunali kumuphanso. Anasonkhanitsa timphamvu tonse totsala.

"Choka iwe! Sindimwa madzi a amphawi ine. Tuluka m'nyumba mwanga!"

Pauline anadzuka pang'onopang'ono, akulira. Anaika kapu ija pampando, pamene dzanja la wodwala likanafika. "Ndasiya apa. Mtima ukatsika mumwe," anatero, n'kutuluka.

Loweruka amayi a Chigwirizano atabwera gulu, anapeza Lufina atauma kale. Kapu inali pomwepo pampando, yodzaza ndi madzi. Mpaka lero Pauline amakhulupirira kuti mnzake anamwalira akumunyoza.

Ndiye inu amene mumasirira mipanda ya anzanu, dziwani kuti dyera limagula zodula. Munthu amakhala moyo ndi zinthu zaulere: moni, mchere wa mnansi, kapu ya madzi, chifundo cha Mulungu. Amene wagulitsa zimenezi kuti alemere, amafa ndi ludzu madzi ali pambali pake.