Mbuzi Yodula Khutu pa Njinga ya Refu

Inu amene mukuti ndikukometsa, khalani pansi mumve mpaka kumapeto. Ine sukulu ndinafika nayo Fomu 4, ndipo yunifomu yoyamba ya Sidik ndinasoka ndine, azakhali ake enieni.

Sidik anakulira kwa Mposa, pakhomo paulemu. Bambo ake, Che Usumani, sankaphonya mapemphero a swala ndipo sankadya cha mwini. Mnyamatayo atakhoza maphunziro oimbira mpira, mtima wake unali pa chinthu chimodzi: kukwezedwa kuti azikaimbira ligi yaikulu, yomveka pa wailesi.

"Mwanawe," anatero Che Usumani, "popita kukaimbira uzinyamula madzi ako. Eni bwalo akakupatsa ngakhale nthochi, uzikana."

Poyamba ankakanadi. Koma ntchitoyo inali yowawa. Kupalasa njinga dzuwa lili pamutu, kutukwanidwa mpaka amayi ake, malipiro osaoneka, anzake n'kumakwezedwa iye ali pompo. Tsiku lina anakumana ndi a Ambrose, wapampando wa timu ya ku Phalula, ogulitsa mbuzi m'mbali mwa msewu.

"Refu wathu, kukhosiko kwauma. Fanta mmodzi angakhale chiphuphu?"

Anamwa. Ulendo wotsatira inali nkhuku. Posakhalitsa anyamata a ku Phalula akagwira mpira ndi dzanja, maso a Sidik ankakhala ali kwina.

"Nkhukuzi zikuchokera kuti?" anafunsa bambo ake.

"Angondipatsa, ababa. Aliyense amalandira."

"Iyayi. Mpeni wanga sudzazinga zimenezo. Bweza."

Sanabweze. Anakazigulitsa ku Liwonde.

Kenaka kunabwera masewero otsiriza, Phalula ndi anyamata a ku Chiuta. Sidik ankadziwa kuti m'gulumo mwakhala mkulu wa oimbira, wobwera kudzaona ngati wakhwima. Koma a Ambrose anamunong'oneza: "Mbuzi ya Idi ndakumangirirani kale pa njinga, kuseri kwa sukulu. Tonde weniweni."

Sidik anayang'ana kumene kunakhala mkulu uja, nayang'ananso kusukulu. Kenaka analowa m'bwalo.

Mpira ukupita kumapeto, wa Phalula anadzigwetsa yekha, popanda womukhudza. Sidik anaimba wenzulo, naloza penati.

Nthawi yomweyo tonde analira kuseri kuja. Amayi a ku Chiuta ogulitsa nsomba zouma anakasuzumira. Khutu lake linali lodulidwa pawiri, chizindikiro chimene aliyense woyenda mumsewuwo amadziwa kuti ndi cha khola la a Ambrose. Anakokera mbuzi ndi njinga yomwe mpaka pakati pa bwalo.

"A refu, mlendo wanuyu akulira njala," anatero mayi wina. "Kapena nayenso mumupatsa penati?"

Mkulu uja sanakalipe. Anangotambasula dzanja. "Vulani baji. Simudzaimbiranso, ngakhale mpira wa ana."

Sidik anabwerera kwa Mposa wapansi, popanda njinga, popanda mbuzi: zonse anazisiya pabwalo pomwepo chifukwa cha manyazi. Lero mpira ukayamba pa wailesi amatuluka m'nyumba.

Ana inu, imvani: chiphuphu chimayamba ndi kabotolo kamodzi, ndipo chimakulandani ntchito ndi dzina lomwe. Kanani choyambacho.

Mukafunsa chimene ine ndinapindula, ndi wenzulo yake ija basi. Anaitaya kudzala, ine n'kutola. Ndimaingitsira mbalame m'munda mwanga, ndipo mpunga woposa wanga kwa Mposa kuno simuupeza.