Khutu la Agogo Latopa

Mzime ankafuna kunyamula mwana. Achemwali ake anali ndi khanda. Khandalo linali kuchipinda. Koma Mzime ankatsokomola. Kho! Kho!

"Ima pakhomo pomwepo," anatero amayi. "Ungampatsire mwana chifuwa."

Mzime anathamangira kwa agogo ake aamuna. Kale agogo ankakonza njinga. Ankaika chubu kukhutu. Ankamva pamene pabooka. Ankamvetseranso zifuwa za ana onse a mumsewumo. Ankati, "Puma, kanjinga kanga." Kenako ankati, "Sipanabooke. Kasewere!"

"Agogo, ndimvetsereni," anatero Mzime.

Agogo anaika khutu pamsana pake.

"Puma, kanjinga kanga."

"Ndapuma kale, agogo."

"Wati chiyani?"

Agogo anamvetsera. Anamvetseranso. Sanamve kanthu.

"Khutu ili latopa," anatero agogo. "Kale linkamva ngakhale nyerere ikuyenda."

Agogo anayang'ana pansi. Mzime nayenso anayang'ana pansi.

"Odi!" Anali anamwino. Anabwera kudzaona khanda.

"Agogo, mwandiiwala?" anakuwa anamwino. "Nanenso ndinali kanjinga kanu!"

"Iwe wa mamina uja?" anatero agogo. "Wakula!"

Anamwino anaseka. Anamva Mzime akutsokomola. Anatulutsa kathonje, kapepala ndi foni.

"Foni iyi imaona tizilombo ta chifuwa," anatero. "Bwera nayo mphunoyo."

Kathonje kanalowa m'mphuno. Kanamugirigisha. Mzime anayetsemula. Anamwino anaviika kathonjeko m'timadzi. Anadontheza timadzito pakapepala. Onse anadikira.

"Ine ndagwira kapepala," anatero anamwino. "Foni agwire ndani? Isagwedezeke."

"Agogo!" anatero Mzime. "Manja awo sanjenjemera."

"Ine? Zamakonozi sindizidziwa."

"Ingogwirani ngati sipanala, agogo," anatero Mzime.

Agogo anapukuta manja pamalaya. Anagwira foni pamwamba pa kapepala. Anaigwira nganganga. Foni sinagwedezeke. Mzime anatseka maso.

Pii!

"Kachilombo koopsa mulibe," anatero anamwino. "Kasambe m'manja. Uvale kansalu aka pakamwa."

"Tayeza ndife," anatero agogo. "Ine ndi foni."

Mzime anasamba m'manja. Anavala kansalu. Analowa kuchipinda monyang'ama. Anakhala pabedi. Achemwali anamuika mwana pamiyendo.

Mwanayo anali wofunda. Anatsegula diso limodzi.

"Moni," ananong'ona Mzime. "Ine ndine mayi ako aang'ono."

Mwanayo anagwira chala cha Mzime. Sanachisiye.