Kugogoda Pansi pa Holo ya a Eliya

Lachisanu madzulo ndinali m'holo ya a Eliya pa Lizulu, kuseri kwa msika wa kachewere, ndikukongoletsa malo a ukwati wa mwana wanga Ulemu. Kunabwera mayi wina, injiniya wa ku khonsolo, a Jessie, atanyamula laputopu.

"Mayi, ukwati musachitire muno," anatero. "Setilaiti ikamadutsa kumwambaku imaponya mafunde a rada padenga n'kuyeza. Ngodya iyi ikutitimira mwezi ndi mwezi. Nyumbayi ikhoza kugwa."

A Eliya anaseka. "Chinthu chili kumitambo chingadziwe bwanji zapansi?"

Ine ndinali mbali ya a Eliya. Makadi ndinali nditagawa, ng'ombe itaphedwa, asewere anga a ku Bwanje ali panjira. Ndikanawauza chiyani? Kuti ukwati waletsedwa ndi nyenyezi?

Usikuwo ndinagona m'holomo ndi mlamu wanga Veronica, kulondera mipando ndi keke. Magetsi anathima monga mwa masiku onse. Tulo titangoyamba kundigwira, ndinamva: go, go, go.

"Chitseko," anatero Veronica.

"Si chitseko."

Kugogodako kunkachokera pansi pa mphasa yanga.

Kunaleka. Kunayambanso. Mbale zinalira patebulo. Dothi linayoyoka pakhoma. Veronica, mayi wamvano wolimba, anayamba pemphero la chakudya, poti ndi lokhalo lomwe linamubwerera. Ine ndinakumbatira keke. Mantha ndinali nawo, sindibisa, koma keke ija inali yosanjikiza katatu.

Kenaka pangodya ija simenti inang'aluka. Panatuluka dzanja loyera ngati ufa. Kenaka mutu, uli ndi diso limodzi lowala pamphumi.

"Odi," chinatero chinthucho.

Veronica anatulukira pawindo. Mpaka lero sitidziwa kuti anakwanapo bwanji.

Anali a Goliati, aneba a holoyo, amene kale anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, tochi ili pachipumi, thupi lonse fumbi. Chimvereni kuti m'nthaka ya Ntcheu muli miyala yofiira yamtengo wapatali, ankakumba mobisira akazi awo, kuyambira m'khola la nkhumba. Mgodiwo unadutsa pansi pa mpanda mpaka kufika pansi pa holo.

Ukwati tinachitira pabwalo la mpira, mphepo ya pa Lizulu ikuulutsa velo, asewere ozolowera kotentha akunjenjemera m'masuti. Mkati mwa perekaniperekani tinamva chiphokoso. Ngodya ija inali itagwa, pamalo enieni pomwe ndinaika mpando wa Ulemu. Ndinangokhala pansi ndi chitenje changa chatsopano.

Lolemba ndinawapeza a Goliati pakhonde pawo.

"Mukanandiphera mwana. Usiku wonse kugogoda, simutopa?"

Anayankha kuti, "Amake Ulemu, ine ndinangoboola potulukira. Kugogoda kuja nanenso ndinkakumva, kunkachokera pansi panga. Mukuganiza kuti ndinasiyiranji njira yakukhola?"

Mgodiwo anaukwirira. Koma a Jessie akuti setilaiti ikuonetsabe kuti malo aja akutitimira. Iwo akuti ndi dothi lomwe likukhazikika. Pamsika amanong'onezana zina: akuti ndi anzawo a a Goliati amene anatsalira m'migodi ya ku Joni, akubwerera kumudzi kudzera pansi, poti alibe mapasipoti.